Ndabinya kakolo komanso ndili ndi kabala paphazi, ndikadaive kapena ndisiye?

Kamba_Wammadzi:

Akuluakulu moni nonse, ndithandizeni maganizo mutu wanga sukugwira. Loweruka likubwerali ndikuyenera kunyamuka ulendo wa masiku anayi wokadaiva kunyanja ya mchere, madaivi awiri patsiku, tizikalowera pa boti. Ndalama ndinalipira kalekale, tchuthi kuntchito anandipatsa mochita kunyengerera. Nde Lolemba madzulo ndikutsika masitepe manja onse ali ndi katundu ndinaponda molakwika, phazi lamanja linapindikira mkati, pogwapo phazi lomwelo linakhulanso m'mphepete mwa sitepe nkung'ambika pamwamba, pomwe timamanga zingwe za nsapato paja. Bala lake si lalikulu, kutalika kwake mwina masentimita atatu. Kuchipatala anatsuka nkunena kuti silofunika kusoka, anangomata timapepala tija togwirizitsa khungu nkuika bandeji.

Lero Lachinayi kutupa kwatsika ndithu, ndikuyenda bwinobwino kungoti m'mawa ndikamadzuka ndimayamba ndatsimphina kaye. Bala lauma m'mbalimu koma pakati pakutulukabe timadzi ndikachotsa bandeji. Za kudaiva adokotala sindinawauze, ndinaiwala, kapena tinene kuti ndinachita kuiwala dala kkkk.

Ndili ndi satifiketi yoyambira kudaiva, Open Water, ya chaka chatha, madaivi 11 basi, nde sitikapyola mamita 18. Maganizo anga ndi oti ndimate pulasitala yosalowa madzi, ndimange kakolo, ndimwe brufen m'mawa, m'madzimo thupi limapepuka kale nde phazi silimva kulemera. Komanso ndikuopa kuti kodi mphamvu ya madzi pansipo siingatsegule balali? Amene munakumanapo nazo ndiuzeni chilungamo.

Namgumi88:

Aise pita ukadaive iwe, kabala ka masentimita atatu nkachani? Madzi a mchere ndi mankhwala kale, ukatuluka upeza kauma kokha. Ine ndadaivapo ndi zala zochekeka kambirimbiri palibe chinandichitikira. Ndalama zako zisapite ulele chifukwa cha sitepe. Bola usamauze anthu a pa boti, akangomva amayamba kuvuta ndi mafomu awo aja.

MayiWaThanki:

A Namgumi88, zoti asawauze a pa boti zo ayi, ndikana poyera. Ndibwereranso pamenepo.

A Kamba pepani ndi ngoziyo. Ine ndimaphunzitsa anthu kudaiva, zaka zapitapo ndithu, si dokotala ayi, nde zachipatala ndisiyira ena, ndikamba zomwe ndimaona pa boti.

Ndiyambe ndi chomwe mukuopacho chifukwa ndi chomwe chilibe vuto kwenikweni. Mphamvu ya madzi imawonjezeka ndi bar imodzi (muyeso wa mphamvu yofinya) pa mamita 10 aliwonse, pa mamita 18 muli pafupifupi pa bar zitatu mukaphatikiza ya mpweya wakumtunda. Koma mphamvu imeneyo imafinya malo omwe muli mpweya, m'makutu, m'mphuno ndi mphako za kumaso, m'mapapo, mu masiki. Mnofu mbali yaikulu ndi madzi, sufinyika, nde bala silingang'ambike chifukwa cha kuya. Chomwe chingatsegule bala lanulo ndi buti, nsapato yodaivira ija, ndi fini, chopalasira madzi chovala kuphazi. Pamwamba pa phazi ndi pomwe thumba la fini limakanikiza nthawi iliyonse mukamenya madzi, ndipo pa daivi ya mphindi 45 mumenya kangati? Khungu likakhala m'madzi nthawi yonseyo limafewa nkuchita makwinya, nkhanambo imasungunuka, timapepala tanu tija timatuka. Mapulasitala osalowa madziwo anawapangira kusamba kubafa. Ndawatola ambiri ine m'mabuti obwereka, atakulungika ngati kachingwe kuchala chachikulu.

Tsopano kakolo. Mukunena zoona kuti m'madzi thupi limapepuka, koma daivi siyambira m'madzi. Imayambira pa benchi ya boti pomwe mukuimirira ndi thanki ya mpweya kumsana, BCD (jekete yothandiza kuyandama), regulator (chopumira) ndi mtovu m'chiuno, zonse pamodzi makilo 20 kapena kuposa, pansi ponyowa, boti likugwedezeka, mapazi ali m'mafini. Ndipo imathera pa makwerero. Makwerero a boti pakakhala mafunde amakwera nkutsika, umayenera kuponda ndi phazi limodzi kulemera konseko pa nthawi yake yeniyeni, ukachedwa amakumenya. Anthu ambiri omwe ndawaona akuvulala pa ntchito imeneyi sanavulalire pansi pa madzi ayi, ndi pa makwerero ndi pa miyala ya m'mphepete. Kakolo wobinya kumene amakhala wosakhazikika, kubinyanso kachiwiri nkosavuta ndipo kachiwiriko ndi komwe kumatenga miyezi.

Funso lomwe ndimafunsa ophunzira anga si loti kodi ungathe kudaiva zonse zikamayenda bwino. Pamenepo ngakhale wa phazi limodzi amatha. Ndimafunsa kuti madzi akayamba kukoka, boti lili mamita 200 uko, ungamenye mafini mwamphamvu mphindi khumi osapuma? Mnzako wolowa naye akatopa kapena mwendo wake ukagwidwa ndi dzanzi la minofu, ungamukoke mpaka pa boti? Chifukwa mnzanuyo akulowa akudalira kuti muli ndi miyendo iwiri yogwira ntchito. Apa nde pomwe ndikukanira za a Namgumi zija, mukabisa ndiye kuti mwamusankhira munthu wina ngozi iye osadziwa.

China chomwe anthu atsopano sachiganizira, ndipo kwa ine ndi chachikulu kuposa zonse. Matenda a nitrogen aja, ma bends, omwe amabwera mpweya wa nitrogen ukapanga timathovu m'thupi munthu akamatuluka pansi pa madzi, chizindikiro chake chodziwika kwambiri ndi kuphwanya kwa molumikizira mafupa, kawirikawiri paphewa ndi pachigongono koma mabondo ndi akakolo nawonso zimatheka, kuphatikizapo dzanzi ndi kunyerenyetsa. Zimayamba patapita mphindi kapena maola mutatuluka, zambiri tsiku lisanathe. Nde tiyerekeze mwatuluka daivi yachiwiri, madzulo kakolo akuwawa mkati, phazi lachita dzanzi. Ndi kubinya kuja kapena ndi timathovu ta nitrogen? Inu simudziwa, ine sindidziwa, ndipo dokotala wa pa foni naye avutika. Zitha kutha pawiri, mwina munyalanyaza chinthu chenicheni poti mukuti ndi phazi langa lomwe lija, kapena akuikani pa oxygen nkuthamanga nanu ku chamber, chipinda chochizira ma bends, ulendo wonse wa anzanu nkuima chifukwa cha sitepe ya kunyumba. Brufen yo ikungowonjezera chisokonezo, ululu ndi womwe umakuuzani kuti lekani, inu mukufuna kuutseka pakamwa. Ndipo wina asakupatseni tramadol kapena codeine kuti ndi zamphamvu, zimenezo zimagonetsa, sizoyenera kulowa nazo pansi pa madzi.

Yesani izi kunyumba musanamwe piritsi lililonse. Imirirani ndi phazi lovulalalo lokha masekondi 30. Nyanyamphirani pa zala za phazi lomwelo kakhumi. Berekani chikwama cholemera mukwere masitepe omwe anakugwetsaniwo. Mukangoona kuti mukukwinya nkhope kapena mukugwira khoma, yankho mwalipeza nokha.

Nesi_Wausiku:

Ine nkhani ya madzi a mchere ndi mankhwala imandipweteka mutu, timaimva tsiku ndi tsiku. Madzi omwe timatsukira mabala kuchipatala ali ndi mchere 0.9% ndipo ndi ophedwa tizilombo. A m'nyanja ali ndi mchere pafupifupi 3.5% komanso muli zamoyo zosawerengeka zomwe mcherewo ndi kwawo, sizifa nawo. Zinthu ziwiri zosiyana.

Komwe timaopa kwambiri ndi kachilombo ka Vibrio vulnificus, kamakonda madzi a mchere ofunda makamaka komwe mtsinje ukukumana ndi nyanja. Sikagwira anthu ambiri ayi, ndisakunamizeni, koma kakalowa pa bala kamathamanga, mwendo utha kutupa nkuchita matuza akuda tsiku limodzi kapena awiri, ndipo a CDC, bungwe la zaumoyo la ku America, amati pa anthu asanu odwala nako mmodzi amamwalira, ena amadulidwa chiwalo. Omwe ali pa chiopsezo chachikulu ndi a matenda a chiwindi, a shuga, ndi omwe chitetezo cha m'thupi ndi chotsika. Palinso Mycobacterium marinum, kameneka nkaulesi, kamadzaonekera patapita masabata ngati timatotupa tolimba tosapola, munthu ataiwala kale zoti analowa m'madzi, ndipo mankhwala ake ndi a miyezi. Madzi opanda mchere nawonso musawaone kufatsa, kuli Aeromonas. Koma zambiri zomwe timaona ndi tizilombo wamba ta pakhungu pomwepo, bala langonyowa nkutsekeredwa mu buti tsiku lonse nkuyamba mafinya.

A Kamba, mawu omwe ndagwira pa zomwe mwalemba ndi oti pakutulukabe timadzi. Bala lomwe likutuluka madzi ndi lotsegula, basi. Sitiyang'ana kutalika kwake, timayang'ana ngati khungu latseka. Ndipo la paphazi limachedwa kuposa la kumaso kapena pamkono, magazi amayenda mochepa kumunsiko komanso phazi lanu ndi lotupa kale. Likanakhala losoka bwenzi tikunena kuti dikirani achotse ulusi, paphazi nthawi zambiri ndi masiku 10 mpaka 14, kenako litsekeretu.

Bwererani komwe anakutsukaniko mukanene zonse, kuti mukufuna kulowa m'nyanja kawiri patsiku masiku anayi. Muwafunsenso za jakisoni wa kafumbata ngati papita zaka zoposa zisanu chibayitsireni. Ndipo kaya mupita kaya simupita, mukaona kufiira kukufalikira, kutentha pabalapo, mafinya, mizere yofiira ikukwera mwendo, mwanabere m'mphechepeche kapena thupi kutentha, musadikire kuti kuche.

Namgumi88:

Eee koma nde mwamuopseza mwana wa eni kkkk. Ine sindikutsutsa za tizilombozo koma tikamawerenga zonsezi palibe angalowe m'madzi. Amene amagwira ntchito m'nyanja tsiku lililonse manja awo ndi mabala okhaokha, akanatha onse bwenzi. Chabwino zobisa zija ndabweza, ndinalakwitsa, awauze. Koma munthu akhoza kuvala zida ali m'madzi kale, a pa boti nkumupatsira thanki, potuluka nkuvulanso asanakwere. Anthu a msana amatero nthawi zonse.

MayiWaThanki:

Pamenepo mwanena zoona achimwene, kuvalira ndi kuvulira m'madzi timachita ndithu ndipo kumachotsa vuto la kulemera pa makwerero. Akanakhala kuti ndi kakolo yekha, wa masabata awiri kapena atatu, wosatupa, woti munthu akudumpha naye, bwenzi ndikuti bwerani tikuthandizani, tisankha malo odekha. Ngakhale kukandika kwapamwamba komwe kwauma kale sindibweza nako munthu. Sikuti kabala kalikonse nkoletsa ayi. Koma apa pali zinthu ziwiri phazi limodzi, zonse za masiku atatu, bala lili pomwe fini imadya, munthu wake wa madaivi 11 yemwe kuvala BCD pamafunde sanayesepo kupatula tsiku la maphunziro, ndiye kudaiva kwake kasanu ndi katatu motsatizana. Nitrogen imaunjikana masiku otsatizana choncho, bala nalo silipeza mpata wouma. Chimodzi chokha ndikanalolera, zonse pamodzi ayi.

Za ogwira ntchito m'nyanja aja, muwafunse bwino, ambiri ali ndi nkhani ya chala chomwe chinatupa ngati chibaluni. Kungoti sailemba pa intaneti.

Nkhanu_Yakale:

Ndilowererepo ndi yanga, mwina ithandiza. Zaka zingapo zapitazo ndinapita ulendo ngati wanuwu ndili ndi thuza chabe kuchidendene, nsapato yatsopano inandidya pa ulendo. Thuza, osati bala. Linaphulika tsiku loyamba mu buti yobwereka, ndipo amene munabwerekapo mabuti aja mukudziwa fungo lake, sauma chaka chonse, komanso tisanamizane anthu amakodzera mu wetsuit, chovala chodaivira chija, zonse zimatsikira komweko. Ndinamata pulasitala, pofika pansi inali itachoka. Tsiku lachiwiri lamba wa fini ankadutsa pomwepo ndendende, nde ndinayamba kumenya ndi mwendo umodzi kuti ndisamve kuwawa, mapeto ake ndinkangozungulira ngati bwato la nkhafi imodzi, mpweya unkatha msanga, anzanga ali ndi bar 100 mu thanki ine ndili pa 50 ndikupempha kuti tikwere. Palibe chomwe ndinaona pansipo tsiku limenelo, maganizo onse anali kuchidendene. Pa safety stop, mphindi zitatu zija zoima pa mamita asanu tisanatuluke m'madzi, ndinkangowerenga masekondi.

Tsiku lachitatu m'mawa phazi silinalowe mu buti. Chidendene chofiira, chonyezimira, chotentha ngati mbaula, ndikaponda ngati ndaponda singano. Ndinathera pa kachipatala kena kakang'ono komwe anachita kuboola kuti mafinya atuluke, maantibayotiki sabata yathunthu, ndipo ndinabwerera kunyumba phazi limodzi lili mu silipasi. Madaivi omwe ndinkakakamira kuti ndisataye ndinatayabe, nkuwonjezerapo masabata atatu osavala nsapato kuntchito.

Chomwe chinandipweteka kwambiri nchoti nditawafotokozera eni malowo anati mukanatiuza tsiku loyamba bwenzi titakusungirani madaivi anuwo mudzabwere nthawi ina. Sindinafunse nkomwe, ndinkangoganiza kuti akana. Nde a Kamba musanalire ndalama, imbani foni kaye. Si onse amabweza koma ambiri amalola kusintha tsiku, makamaka mukakhala ndi kalata ya dokotala. Ngati munagula inshuwalansi ya ulendo yang'ananinso mapepala ake.

Kamba_Wammadzi:

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Mayi ndayesa zija munanena. Kuima ndi phazi limodzi ndafika masekondi 12 nkugwira tebulo. Kunyanyamphira ndinalekera pa kanayi, osati kuwawa kwambiri koma kakolo amachita ngati akufuna kuthawira kunja. Chikwama sindinayese nkomwe kkkk. Ndinatulutsanso mafini anga nkuvala pa mpando, m'mphepete mwa thumba lake mukudutsa pakati pa bala penipeni ngati anachita kuyeza.

Koma ndifunsebe, nanga nditapita nkukhala pa boti masiku awiri oyamba, nkudaiva awiri omalizawo? Balalo likhala litakwana sabata imodzi kapena sabata ndi tsiku limodzi. Kapena kungosambira pamwamba ndi snorkel, kapaipi kopumira kaja?

Nesi_Wausiku:

Snorkel ndi madzi omwewo achimwene, tizilombo sitifunsa kuti mwatsika mamita angati. Ndipo pa boti lodaivira pansi pamakhala madzi nthawi zonse, bandeji inyowa ola loyamba lomwe. Za masiku awiri omalizawo sindinganene ndili pano, bala sindikuliona. Likakhala litatseka lonse, louma, khungu latsopano lapinki, osatuluka kanthu mukakanikiza pambali, nkhani ya tizilombo imachepa kwambiri. Koma khungu latsopanolo ndi lopyapyala, fini itha kulisupula daivi imodzi. Aloleni omwe akuliona ndi maso anene.

MayiWaThanki:

Masekondi 12 ndi Lachinayi, Lolemba kapena Lachiwiri simukhala mutafika poti nkukoka munthu pamafunde. Ndipo ndikudziwa zomwe zimachitika, mukakhala pa boti anzanu akutuluka akusimba zomwe aona, tsiku lachiwiri lomwelo muvala zida, ndaziona kambirimbiri. Kumbukiraninso kuti ngati mukubwerera pa ndege mufunika kudikira maola osachepera 18 mutadaiva kangapo, nde tsiku lomaliza mwina ndi lodulidwa kale. Mukuvutikira madaivi awiri kapena atatu basi.

Ngati mukufuna mawu a dokotala wodziwa za kudaiva, a DAN, Divers Alert Network, amayankha mafunso ngati amenewa, mutha kuwalembera kapena kuimba. Madokotala ambiri wamba ndi odziwa bala ndi kakolo koma za fini ndi ma bends sanaziphunzire mozama, nde muwafotokozere bwinobwino zomwe phazi limachita pa daivi.

Pomwe mukudikira musangokhala. Kutupa kukatha yambani kuzunguza phazi, kulemba zilembo m'malere ndi chala chachikulu, kuima ndi mwendo umodzi potsuka mano. Bala likatseka kayeseni mafini mu swimming pool kaye musanapite kunyanja.

Kamba_Wammadzi:

Ndabwera kuchipatala. Nditangotchula za nyanja anesi anandiyang'ana kaye osayankhula, kenako anati Lolemba lija bwanji simunanene. Akuti balalo likupola bwino koma pakati sipanatseke, ndisaliviike m'madzi aliwonse, ndibwerenso sabata yamawa alione. Kafumbata andibaya, mkono nawo ukuwawa tsopano, ndatsala ndi mbali imodzi yabwino.

Ndaimbiranso eni boti. Ndalama sabweza koma andisunthira ku ulendo wa mwezi wamawa bola nditumize kalata ya kuchipatala, zinatenga mphindi zisanu. Vuto latsala ndi la tchuthi, mawa ndikagogode kwa abwana ndikutsimphina mowonjezera pang'ono kuti amve chisoni. Mnzanga yemwe timayenera kulowa limodzi wakhumudwa koma apita, amupezera wina.

Namgumi88:

Kkkkk utsimphine ndi mwendo wolondola aise, usakasokoneze pakhomo la ofesi. Nanga mafini akowo ndi saizi yanji, poti akhala akungogona weekend ino?

Kamba_Wammadzi:

Ndi a medium, koma inu a zala zochekekachekeka sindikubwerekani.